Beseni la Achinjira

Tsiku limene tinaliona koyamba beseni lamkuwa lija tinkangothawa mvula. Linali Lachinayi, tsiku limene tonse awiri sitinkakhala pa shifiti, ndipo tinali titapita kupaki yaikulu ya kum'mwera kwa mzinda kukaona ng'ombe zaubweya wautali zija, zimene eni dziko amazinyadira ngati zimaikira mazira. Ng'ombezo tinangoziona misana. Mvula ya ku Glasgow sichita odi, ndiye tinathamangira m'nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili m'pakimo, osati chifukwa chokonda mbiri ya azungu ayi, koma chifukwa kulowa n'kwaulere ndipo mkati mumafunda.

Ndinali ndi achinjira anga. Kwathu ku Thyolo, mayi akakondana ndi mayi mnzake kupitirira pa moni wa panjira, awiriwo amamanga chinjira. Si ubale wamagazi, koma nthawi zina umagwira kuposa wamagazi. Mumapatsana mphatso, wina akadwala mnzake ndiye amatereka madzi osamba, kukagwa maliro mnzake ndiye amakhala miyendo ndi manja a pakhomopo. Ine ndi iwo tinakumana kutchalitchi konkuno, ine nditangofika kumene, ndikunjenjemera m'jekete lobwereka. Atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kwathu, ndipo titapeza kuti midzi yathu inangolekanitsidwa ndi esiteti ya tiyi, anandigwira dzanja osalisiya mpaka mapemphero anatha. Anali aakulu pang'ono kwa ine, amuna awo atamwalira kale, ali ndi mwana mmodzi wamkazi wobadwira kuno. Iwo ankakhala ku Dennistoun, ine ku Govanhill, ndipo tonse tinkagwira ntchito yosamalira okalamba, koma m'nyumba zosiyana.

Beseni lija linali m'kabati yagalasi, pakona imene anthu ambiri ankangoidutsa. Kunena zoona silinali beseni monga tidziwira ife, loti n'kuchapiramo matewera. Linali laling'ono, losazama, ngati mbale yaikulu ya ndiwo za alendo. Koma mkati mwake munali mitundu ya buluu, yobiriwira ndi yofiira, yowala ngati yapakidwa dzulo, pomwe kachikwangwani kankati linasulidwa ku France zaka zoposa mazana asanu ndi awiri zapitazo. Pakati panali chishango chimodzi, ndipo china ndi china zinazungulira m'mbali: ichi cha mkango wowonda woimirira ndi miyendo yakumbuyo, icho cha timaluwa tosongoka, chinacho cha mizeremizere basi. M'mphepete munatuluka kamutu ka chilombo koyasamula.

"Kamutu aka n'kachiyani?" anandifunsa achinjira, mphuno ili pagalasi. "Kapena n'kogwirira?"

"Mukundifunsa ine ngati ndinalipo posula," ndinawayankha.

Pafupi panali mayi wina wachizungu waimvi, mmodzi mwa aja amadzipereka kufotokozera alendo. Ataona kuti takhalitsa pamalo amodzi anabwera, ndipo achinjira, amene sankaopa munthu, anamupanikiza ndi mafunso. Mayiyo anatiuza kuti mabeseni otere ankasulidwa awiriawiri, ofanana ngati mapasa, kungoti limodzi linkakhala ndi kamlomo, linzake lopanda. Phwando lisanayambe, wantchito ankathira madzi onunkhira kudzera pakamwa pa kachilomboko, bwana atatambasula manja, ndipo beseni linalo linkakhala pansi kulandira madziwo. Ansembe nawonso ankasamba chimodzimodzi kuguwa.

Achinjira anaseka mpaka kutsamira phewa langa. "Ndiye azunguwa ankadziwa kusambitsana m'manja? Ankadyanso ndi zala?" Mayiyo anavomera kuti mafoloko anachita kubwera pambuyo. "Nanga zinthu zabwino anazisiyiranji?" Funso limeneli analifunsa m'Chichewa, ndipo ine sindinalimasulire.

Titafunsa kumene kunali linzake la beseni limeneli, mayiyo anati palibe akudziwa. Ambiri mwa mabeseni otere anatsala okhaokha, mnzake anasungunulidwa kapena ali m'kabati ya dziko lina. Anatilongosoleranso za mitundu ija, kuti sunali utoto wamba. Wosula ankagoba timaenje mumkuwamo, n'kuthiramo galasi loperedwa ngati ufa, n'kuotcha pamoto waukali mpaka galasilo litasungunuka n'kugwirana ndi mkuwa, kenako n'kukwecha mpaka pasalale. Anatilozera malo amene galasi linagwamo, pamene panangotsala timaenje takuda.

Zishango zija anati zinali zizindikiro za mabanja akuluakulu. Ine ndinamva ngati akunena za mfunda wathu uja, umene munthu ukautchula kumaliro a kutali pamapezeka wina wokuitana kuti m'bale. Zina mwa zishangozo akatswiri amazidziwa kuti n'za mafumu akutiakuti. Koma zina palibe amene amadziwa eni ake. Mwina banjalo linatha, mwina wosulayo anangozipeka kuti wogula aoneke wolemekezeka.

Ine chimene chinandiseketsa n'chakuti anthu onyada chonchi anaika ulemu wa banja lawo pansi pa beseni, pogwera litsiro la m'manja mwa alendo. Ndinalankhula zimenezi m'basi pobwerera, ndikuyembekeza kuti achinjira aseka. Sanaseke. Ankayang'ana pawindo, mvula ikutsetsereka pagalasi.

"Banja lonse kutha psiti," anatero, "osatsala ndi mmodzi yemwe woti akaime pamene paja n'kunena kuti chishango ichi n'chathu. Chinthu chili chiwalire, mwini wake palibe womudziwa. Inu sizikukuopsani?"

Ndinawauza kuti chimene chinkandiopsa ine ndi nsapato zanga zonyowa.

Lamlungu lotsatira anabwera kutchalitchi atanyamula kamtolo m'chitenje. Mpaka nthawi imeneyo tinkapatsirana zakudya m'makontena apulasitiki otsala ku ayisikilimu, zimene iwo ankati n'zonyozetsa chinjira. Nditamasula ndinapeza beseni loyera lachitsulo, la mzere wabuluu m'mphepete, mtundu wa makapu akale aja ogwa osasweka. Analigula m'sitolo ya amwenye kwathu ku Govanhill komweko, osandiuza. Mkati munali mandasi. Kunja kwake, pambali, anajambulapo chishango ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo, n'kuchigawa pakati. Mbali ina kunali timasamba ta tiyi tobiriwira, mbali inayo kanthu kofiira kopindika.

"Masambawo ndine," anatero. "Mayi uja anati chishango chikagawidwa pakati ndiye kuti mabanja awiri alumikizana."

"Nanga nyongolotsi yofiirayi?"

"Ameneyo ndi tsabola. Ndinu."

Ndinati ndikufuna mkango ngati wa pabeseni lija. Anandiyankha kuti mkango umakwiya ukakhala ndi njala basi, pomwe ine ndimakwiya ngakhale nditakhuta. Ndinakwiyadi, ndipo iwo anaseka kwambiri chifukwa ndinali nditawatsimikizira ndekha.

Lamulo la beseni linali lakwathu lomwe lija: mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu. Linkapita ku Dennistoun Lachinayi n'kubwera ku Govanhill Lamlungu, kapena mosinthanitsa, likukwera basi ndi sitima litakulungidwa m'chitenje ngati khanda. Iwo ankaikamo chigumu, zitumbuwa, nthawi yotentha mpiru wa m'kadimba kawo kakang'ono kobwereka. Ine ndinkaikamo mbatata yophika, nyemba zothira tsabola wambiri mwadala, kapena usipa ngati wina wabwera kuchokera kumudzi. Masabata ovuta linkayenda ndi anyezi awiri ndi mchere wa m'kapepala, ndipo palibe ankadandaula. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Mwana wawo ankachita nalo manyazi m'basi. "Mum, folk are staring," ankatero m'Chingerezi chake cha kuno chomeza mawu, ndipo amayi ake ankamuyankha kuti anthuwo ayang'ane ndithu, sanaonepo chishango cha banja lolemekezeka.

Chaka chilichonse chikamayamba ankapakanso kyutekisi pamene pafufutika. Ndipo Lachinayi lililonse lamvula, kuno ndiye kuti Lachinayi lambiri, tinkabwerera kunyumba ya zinthu zakale ija. Zithunzi zazikulu ndi mipando ya mafumu tinkangozidutsa. Achinjira ankafika pakabati paja n'kupinda mawondo pang'ono. "Mwaswera bwanji, amasiye anzanga?" ankatero kwa beseni lamkuwalo. "Amunanu sanapezekebe?" Kenako tinkakangana za zishango. Iwo ankati mkango wowondawo unali wa banja laumbombo lomana ndi ziweto zomwe. Ine ndinkati cha mizeremizere chinali cha munthu waulesi amene analephera kusankha nyama. Tinakhala tikuchita zimenezi zaka zambiri, mwana wawo mpaka anamaliza sukulu n'kuyamba ntchito, ife tsitsi likuyera pansi pa maduku.

Zinayamba ndi mandasi a mchere. Ndinawaluma n'kulavula, n'kuwaimbira foni kuti kodi akufuna kundipha. Tinaseka. Patapita milungu ingapo kunabwera chigumu chosapsa mkati. Ndinangoti uvuni wawo watha ntchito. Kenako tsiku lina ndinamasula chitenje n'kupeza mbatata yosaphika, pamwamba pake pali sopo wosambira wogwiritsidwa kale ntchito.

Kwathu mphatso imalankhula. Munthu akakupatsa sopo wotsala, wakuuza mawu. Ndinakhala pampando m'khitchini mtima ukuwira, ndikufufuza m'mutu tsiku limene ndinapita kwawo ndikununkha thukuta la shifiti. Lachinayi ndinalibweza litadzaza mandimu owawa okhaokha, kuti nawonso amve. Analandira mokondwa, n'kunena kuti mandimu ndi abwino pa chimfine. Za sopo sanatchule, ndipo nditazitchula ine anandiyang'ana ngati ndikuwanamizira.

Ulendo wotsatira m'beseni munali rimoti ya wailesi yakanema ndi golovesi imodzi.

Ine ntchito yanga ndi yomweyi. Tsiku ndi tsiku ndimachotsa masilipasi m'firiji, ndimayankha agogo achizungu ofunsa amayi awo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Matenda oiwalaiwala ndimawadziwa kayendedwe kake ngati mmene mlimi amadziwira mitambo. Koma ndinaika rimoti ija m'chikwama changa, n'kukaibwezera mwakachetechete pampando wawo, n'kudziuza kuti angotopa basi. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, koma munthu umaganiza kuti mawa limenelo likafika lidzakhala ndi nkhope yachilendo.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika pakabati paja. Tinafika monga mwa masiku onse, koma sanapinde mawondo, sanapereke moni kwa amasiye anzawo. Anaima n'kuliyang'ana beseni lamkuwalo nthawi yaitali. Kenako anakwinya mikono ya juzi lawo, n'kutambasula manja onse awiri kutsogolo kwa galasi, chikhatho pamwamba pa chinzake, n'kudikira.

"Achinjira, mukutani?"

"Madzi," anatero motsitsa. "Wothira madzi akuchedwa. Alendo adya bwanji osasamba?"

Ndinayembekeza kuti atembenuka n'kuseka. Sanatembenuke. Anthu ankadutsa kumbuyo kwathu, ena kuyang'ana, ena kunamizira kuti sakuona. Ndinagwira manja ajawo n'kuwatsitsa, ndipo anali ozizira. Ndinawauza kuti madzi akuphitsidwa, tiyeni tikayambe tamwa tiyi. Ananditsatira ngati mwana womvera, ndipo kumvera kumeneko n'kumene kunandiswa mtima, chifukwa mayi ameneyu sanandimverepo chilichonse osayamba watsutsa.

Madzulo a tsiku lomwelo, nditawaperekeza, ndinamuimbira foni mwana wawo. Sanadabwe.

"Ndikudziwa, anti," anatero, akusakaniza Chichewa chake chotsimphina ndi Chingerezi. "Dokotala anatiuza kalekale. Ntchito anasiya chifukwa cha zomwezo, si msana ngati mmene anakuuzirani."

"Ndiye iwe n'kukhala chete? Ine ndine ndani pakhomo panupo?"

"Anandiletsa. Anati mukadziwa muyamba kuwalankhula ndi mawu a kuntchito."

Ndinadziwa mawu amene ankanena. Tonse ogwira ntchitoyi tili nawo: mawu ofewa, okwera pang'ono, oyamikira munthu wamkulu chifukwa wamaliza phala. Achinjira ankawagwiritsa ntchito kwa okalamba awo, ine kwa anga, ndipo tinkasekana nawo m'basi. Anaopa mawu amenewo kuposa matendawo. Ankafuna kuti kwa ine akhalebe achinjira, munthu woti n'kumukalipira, osati wodwala woti n'kumusisita. Ndinadula foni, n'kulira moima, nditagwira sinki.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti sindidzawalankhula mofewa. Beseni likabwera ndi masokosi ndinkawaimbira n'kuwafunsa ngati akuona kuti ndine wosauka. Likabwera ndi mpunga wosaphika wosakaniza ndi mabatani ndinkawauza kuti ndiwo zake ndi ziti, singano? Ankaseka, nthawi zina akudziwa chimene tikuseka, nthawi zina akungotsatira ine. Anaiwala kuzimitsa chitofu, anaiwala nambala ya chitseko chawo, anaiwala nyimbo zina zimene ankatsogolera kumvano. Koma sanalibwezepo beseni lopanda kanthu. Mwana wawo anandiuza kuti Loweruka ankazungulira m'nyumba monse ali nalo m'manja, osakhazikika, mpaka atapeza choikamo.

Lamlungu lina ndinamasula chitenje n'kupeza kuti chishango palibe. Pamalo pake panali zokandika zotuwa. Anali atachikwecha ndi waya wotsukira mapoto.

"Munthu wina anadetsa beseni ndi utoto," anandiuza monyadira. "Ndavutika nalo m'mawa wonse, koma layera."

Ndinawayamikira kuti layeradi. Mwana wawo ananong'oneza kuti atha kujambulanso, chithunzi chake ali nacho pafoni. Ndinakana. Chishango chija sichinali chokongola, tsabola uja ankaonekadi ngati nyongolotsi, koma linali dzanja lawo.

Sabata imeneyo ndinapita ndekha kukaona beseni lamkuwa, ndipo ndinapita ndi mkwiyo. Ndinaima pagalasi paja ndikuyang'ana mkango wake wowonda, buluu wake wosasuluka. Chinthu chopanda mzimu, chosadziwa ngakhale dzina la amene anachisula, chasunga zizindikiro zake zaka mazanamazana, chili ndi nyali yakeyake ndi anthu olipidwa kuchipukuta fumbi. Mnzanga wa magazi ofunda, woimba, wodziwa kuthyola tiyi ndi manja onse awiri, zake zinayamba kugwa asanakwanitse n'komwe zaka makumi asanu ndi awiri. Ndinayang'anitsitsa timaenje takuda tija, pamene galasi linagwamo. Mphako yake inkaonetsabe kuti apa panali duwa, apa phazi la mkango, kungoti mtundu munalibe. Ndinakumbuka funso lawo la m'basi lija, ndipo ndinazindikira kuti pa chishango chathu ndatsala ndine ndekha wodziwa kuti masamba anali ndani, tsabola anali ndani. Tsiku limenelo funsolo linandiopsa. Sindinabwererekonso kunyumba imeneyo.

Nyengo yozizira itafika anatuluka m'nyumba masana mwana wawo ali kuntchito, ndipo anakapezeka ku Partick, mbali ina ya mzinda, pokwerera mabasi, atavala masilipasi, akufunsa anthu kumene kumaima minibasi za ku Bvumbwe. Pambuyo pa zimenezo panalibenso kuchitira mwina. Anawapezera malo kunyumba ina yosamalira okalamba kum'mawa kwa mzinda. Ena kutchalitchi ankang'ung'udza kuti mwana wobadwira kunja wataya mayi ake kwa azungu. Ndinawauza pamaso kuti amene akufuna kuyankhula ayambe wabwera kudzagona nawo sabata imodzi, ndipo palibe anabwera. Anthu omwewo anandifunsanso chifukwa chake sindinawatengere kumene ndimagwira ntchito ine. Sindikanatha. Kumeneko ndikanakhala wowasambitsa ndi wowalembera mankhwala, ndipo chimene ankaopa chija chikanachitika.

Beseni linapitiriza kuyenda, tsopano Lachinayi lokha. Ndinkafika nalo muli chigumu kapena mbatata, n'kulisiya, n'kudzalitenga sabata yotsatira pobwera ndi zina m'kontena. Poyamba mwana wawo ankaikamo mabisiketi a m'sitolo kuti ndisabwerere chimanjamanja. Ndinamuuza asiye, si chinjira changa iyeyo. Ndiye linkabwera ndi zimene achinjira apeza okha: mapepala opukutira pakamwa opindidwa bwinobwino, duwa lapulasitiki la pabalaza, kamodzi magalasi a m'maso a gogo wina wa chipinda choyandikana, amene ndinakawapereka kwa anesi mobisa.

Nkhope yanga inatayika pang'onopang'ono. Masiku ena ankandidziwa ndikangolowa, masiku ena pakapita kanthawi ndikulankhula. Kenako anayamba kunditcha anesi. Ndinaganiza kuti n'chifukwa cha yunifolomu, popeza masiku ena ndinkadzawaonanso pochokera kuntchito, ndiye ndinayamba kuvala chitenje ndi duku ngati ndikupita kumvano. Sizinathandize. Tsiku lina ndinawagwira mapewa n'kunena kuti ndine, achinjira, ndine wa ku Govanhill, tandiyang'anani. Anachita mantha. Anadzikokera kukhoma n'kuyamba kulira, akuitana anthu kuti mayi uyu akufuna kuwabera. Sindinabwerezenso. Ndinavomera kukhala anesi, koma mawu a kuntchito aja ndinawakanabe. Ndinkawalankhula ngati mmene mayi amalankhulira ndi mayi mnzake amene wakumana naye pachigayo.

Lachinayi lina, mitengo itayamba kuphuka, ndinawapeza atakhala pampando wa pawindo, ali bwino kuposa masiku ambiri. Ndinali nditapita nalo beseni kunyumba sabata yapitayo, ndiye ndinabwera nalo muli zitumbuwa. Anadya ziwiri, n'kunena kuti wophikayo amaumira nthochi. Zotsalazo ndinaziika m'mbale. Pamenepo anatenga beseni lija n'kuliika pamiyendo, n'kumalisisita m'mphepete ndi chala.

"Anesi," anatero, "beseni ili mwalitenga kuti? Ili ndi la ine ndi achinjira anga a ku Govanhill."

"Andituma ndi iwowo," ndinayankha.

"Mumawadziwa?"

"Ndimawadziwa."

"Ali bwanji? Mwendo uja unasiya kuwavuta?"

Mwendo umene ankanenawo unali pomwepo, utatupa m'nsapato, pafupi ndi wawo. Ndinati ukuvutabe pang'ono.

"Samva za anthu, n'chifukwa chake. Ndinawauza kuti asiye mashifiti ataliatali." Anayang'ana m'besenimo. "Anasiya kubwera, mukudziwa. Chifikireni kuno sanapondeko. Kaya ndinawalakwira chiyani. Ndi aukali, akakwiya amakwiya ndi thupi lonse, koma sasunga mangawa. Ulendo uno wokha ndiye asunga."

"Sanakwiye," ndinatero. "Ndikudziwa ndithu kuti sanakwiye."

"Nanga bwanji amangotuma anthu?"

Iwo anali atayamba kale kuyang'anayang'ana m'chipindamo, patebulo, pawindo, pansi pa pilo, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna. Potsiriza anapisa m'thumba la juzi n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'tishu. Kanali kachidutswa ka buledi wootcha wa m'mawa, kolumidwa mbali imodzi. Anakaika pakati pa beseni, n'kukulunga chitenje, n'kumanga mfundo yawo ija ya makutu awiri imene manja awo sanaiwale.

"Mukawauze asanyoze, kuno satilola kuphika. Ndipo mukawauze kuti ngati ndinalakwa andikhululukire. Abwere, ngakhale kamodzi kokha. Ndawasowa kwambiri."

"Ndikawauza."

Ndinatuluka bwinobwino, ndinatsanzika anesi enieni pakhomo, ndinafika mpaka pasiteji ya basi. Pamenepo ndinamasula mfundo ija n'kudya buledi uja, chifukwa chakudya cha m'beseni la achinjira sichitayidwa. Anali wouma, wozizira, womveka fungo la juzi lawo. Basi inabwera n'kupita ine ndili pomwepo.

Sabata yonse ndinkadzitonthoza kuti aiwala. Matendawa amalanda zonse, ndinkatero, alandanso ndi chisoni chimenechi. Lachinayi ndinaphika mbatata n'kupita. Ndisanakhale n'komwe pansi, anandigwira mkono.

"Anesi, uthenga uja munakapereka?"

"Ndinakapereka."

"Ndiye ati bwanji?"

Ndikanatha kunena kuti adwala, kapena kuti anapita kumudzi. Koma anandiyang'ana ndi maso oyembekeza, ndipo pakamwa panga panatuluka zimene ankafuna kumva. "Ati abwera."

"Lero?"

"Ati lero."

Anamwetulira ngati mtsikana. Anandipempha kuti ndiwakonzere duku, n'kuwapukuta pakamwa, ndi kutembenuza mpando wawo kuti uyang'ane kuchitseko. Mbatata anakana kudya, anati adyera limodzi ndi achinjira. Ndinakoka mpando wina n'kukhala pambali pawo. Munthu aliyense akamadutsa m'khonde ankadzutsa mutu, n'kuubwezanso. Tinadikira awiri mpaka nthawi ya alendo inatha.